Kadyansonga, Mthyoli Wamkulu wa ku Luangwa

Padangokhala.

Tili tonse.

M'chigwa cha Luangwa, kum'mawa kwa Zambia, mudagwa chilala choopsa. Okutobala kumeneko amapweteka chaka chilichonse, koma chaka chimenecho dzuwa lidachita kunyanya. Mtsinje udaphwa n'kutsala mchenga, madzi ali m'maiwe owerengeka momwe mvuu zidathithikana ndi ng'ona. Udzu udatha psiti. Mbidzi nthiti zidayamba kuwerengeka, Njiri adakumba mizu mpaka mphuno kusupuka, ndipo Gwape ankangogona pamthunzi, kupuma mwawefuwefu.

Chowawa n'chakuti chakudya chidalipo, koma chidali m'mwamba. Msangu ndi mtengo wa khalidwe lakelake: mvula ikamagwa umayoyola masamba, chilimwe chikafika m'pamene umabiriwira n'kubereka zipatso zake zopindikapindika zija. Mvunguti nawo udali utalendeweza maluwa ofiira. Njovu, yemwe amagwedeza msangu ndi chipumi zipatso n'kumayoyoka, adali atasamukira kutsinde kwa mapiri a Muchinga ndi banja lake. Otsalawo ankangoyang'ana kumwamba mpaka makosi kuwawa.

Njati adaitanitsa msonkhano pansi pa mvunguti, pafupi ndi dziwe lina.

"Abale anga," adatero Njati, "mutu umodzi susenza denga. Tisankhe mmodzi mwa ife akhale Mthyoli Wamkulu, azithyola za m'mwamba n'kumagwetsera tonse. Mitengo yonse yozungulira dziwe lino tiipereka m'manja mwake, wina aliyense asaikhudze."

Woyamba kuimirira adali Nyani. Kunena zoona, masiku onsewo Mbawala ndi anzake ankapulumukira kwa iyeyu, chifukwa Nyani akamadya mumtengo amaluma chipatso kamodzi n'kutaya, ndiye pansi pake sipasowa chotola. Koma adalankhula akudzikanda m'khwapa, m'kamwa muli modzaza, ndipo nyama zidanyansidwa.

"Ameneyu akatiimire ife?" idatero Mbidzi. "Mbava yosadziwa ndi kukhala pansi komwe?"

Nthawi yomweyo m'nkhalango ya tsanya mudatulukira Kadyansonga. Adali nyamalikiti wamphongo, wa mtundu uja umapezeka m'chigwa cha Luangwa mokha, umene azungu adaupatsa dzina la Harry Thornicroft, mkulu wina wa boma la atsamunda. Mawanga ake adali osongokasongoka m'mbali, olekezera m'mawondo, kumunsi kwa miyendo kuli mbee. Ankayenda mosapupuluma: miyendo iwiri ya kumanja inkasuntha pamodzi, kenako iwiri ya kumanzere, thupi lonse likupendekera uku ndi uku. Kuchokera kuziboda kukafika kunsonga za nyanga adali woposa mamita 5.

Adaima pambali pa dziwe n'kuyang'ana kum'mawa, kuyang'ana kumadzulo, nthawi yaitali. Kenako adatambasulira mwendo wina wakutsogolo uku, wina uku, adapinda mawondo pang'ono, ndipo khosi lonse lija lidayamba kutsika, kutsika, mpaka mlomo udafika pansi penipeni, patsogolo pa nyama zonse.

Kalulu adalumpha.

"Taonani, abale! Wamkulu chotere, kutigwadira ife! Mudaonapo ulemu wotere?"

Nthungululu zidamveka mpaka kutsidya. Mbawala misozi idalengeza. Njiri yekha ndiye adanyinyirika: "Ine ndimadya chogwada tsiku lonse mpaka mawondo adachita zikang'a, koma palibe adandiimbirapo nthungululu."

Agogo a Kamba adatulutsa mutu m'chigoba. "Ana inu, tayambani mwaonetsetsa. Wagwadira ife kapena wagwadira madzi? Miyendo yakutsogoloyo ndi yaitali, khosi silifika pansi akaima chilili. Kumwa kwake n'komweko."

Mawu a Kamba amatulukira pafupi ndi fumbi, ndipo phokoso lidawameza. Nyama zidasankha Kadyansonga. Nyani zidamulamula kuti asadzakwerenso mtengo uliwonse wa pafupi ndi dziwelo, iye n'kusonkhanitsa ana ake ulendo wa kumtunda.

Mwini wakeyo sadalankhule kanthu. Adamulankhulira ndi Chitola, mbalame ya mlomo wofiira ija imakhala pamsana pa nyama zikuluzikulu n'kumatola nkhupakupa. "Bwana akuti zikomo," adatero Chitola. "Akuti ntchito ayamba mawa m'mamawa."

Ntchito adayambadi, ndipo aliyense wakuona nyamalikiti akudya sangakane kuti ndi mmisiri. Msangu uli ndi minga, mthethe ndiye wa minga yokola, koma Kadyansonga ankatulutsa lilime lake lakuda, lotalika masentimita 45, n'kulizengereza panthambi, kulowetsa pakati pa minga, kukoka. Mlomo wam'mwamba, wochindikala ndi waubweya, unkagwira nsonga yanthete. Mano akutsogolo ali m'munsi mokha, m'mwamba muli nkhama yolimba, ndiye ankapana nthambi pamenepo n'kupulula masamba onse kamodzi. Munga ukalowa m'kamwa, malovu ake onanda ankaukuta n'kutsetsereka nawo. Mphuno ankazitseka kuti nyerere za mumtengo zisalowe. Kuyambira kum'bandakucha mpaka dzuwa kupendeka, Mthyoli Wamkulu adali pantchito, ndipo nyama zidakhala mozungulira miyendo yake, maso m'mwamba, kudikira.

Chidagwa ndi minga. Kudagwanso timitengo topululidwa kale, ndi timibulu ta ndowe touma gwa.

Mmisiri weniweni sataya kanthu, ndipo apa m'pamene padagona tsoka la nyama zija. Nyani wosalongosoka ankataya theka la zomwe wagwira. Kadyansonga ankadya mwaukhondo.

Patapita masiku, Mbawala adalimba mtima n'kuitana Chitola.

"Achimwene, tatiuzeniko. Bwanawa bwanji satsitsako mutu kuti timve maganizo awo, nawonso aone mmene tilili?"

Chitola adatera pachitsa n'kukonza nthenga. Mbalameyi idali itazolowera kuuluka pafupi ndi magalimoto a alendo oona nyama ku Mfuwe, ndiye inkadziwa manambala ambiri omwe operekeza alendo amatchula.

"Amayi, mukuona ngati n'zophweka? Mutu wa bwana uli mamita 2 pamwamba pa mtima wawo. Kuti magazi akwere mpaka kumeneko pamafunika mtima wa makilogalamu 11, ndipo magaziwo amathamanga ndi mphamvu yowirikiza kawiri ya magazi a munthu. Miyendo mukuionayo chikopa chake n'chothina kwambiri, kuti magazi asadzadzane kumapazi n'kutupa. Thupi lonseli limagwira ntchito usana ndi usiku kuti mutu uja ukhale m'mwamba. Ndiye inu mukuti autsitse? Magazi onsewo athamangire ku ubongo? Mukufuna Mthyoli wathu aphulike mutu?"

Mbawala adapepesa. Iye sadafune kupha munthu.

"Nanga osangoyankha ali komweko?" adafunsa Njiri. "Pakamwa ali napo."

"Apo ndiye mwafunsa za nzeru, achimwene," adatero Chitola. "Mtsempha wonyamula uthenga kuchoka ku ubongo kupita kukholingo sudutsa njira yachidule. Kholingo lili pafupi ndi mutu pomwepo, koma mtsemphawo umatsika khosi lonse mpaka m'chifuwa, kukazungulira mtsempha waukulu wa pamtima, kenako n'kukweranso khosi lomwelo. Ulendo wonsewo ndi woposa mamita 4. Yankho lanu bwana adalipereka kale. Lili m'njira. Pakali pano lafika cha pamtima."

Za mtima ndi za mtsempha Chitola adanena zoona. Koma ataona kuti nyama zatsegula pakamwa, adaonjezera zake.

"Komanso muzidziwa malire. Inu nonse khosi lanu lili ndi mafupa 7. Bwana ali ndi mafupa 70. Wa mafupa 7 angatsutsane bwanji ndi wa mafupa 70? Kubadwa kwake n'kosiyana."

Kuyambira tsikulo, aliyense wofuna kutumiza dandaulo kumwamba ankadzera kwa Chitola, ndipo Chitola sankauluka ulere. Ankapempha kuti ayambe watola nkhupakupa pamsana pa wodandaulayo. Akapeza kachilonda ankakajompha, kukakuza, n'kumwa magazi, monga zimachitira mbalame zimenezi mpaka lero. Njati adatumiza madandaulo ambiri kuposa onse, ndipo msana wake udadzaza zilonda zosapola. Usiku nyama zikamva Kadyansonga akung'ung'udza chapansipansi mumdima, Chitola ankati, "Mwamva? Yankho layamba kufika. Bwana sagona, amangoti tseke pang'ono ali chiimire. Akukuganizirani." Mwezi ukawala, zinkaoneka kuti chinthu chobulungira chikukwera m'khosi muja kuchokera m'mimba, nsagwada n'kuyamba kuyenda. Bwana adali kubzikula.

Agogo a Kamba, omwe Chitola sankawakonda chifukwa pachigoba palibe pojompha, adaitana nyama pambali.

"Ana inu, titumize wathu akaone yekha. Mkulu ameneyu amatha masiku osamwa chifukwa madzi amawapeza m'masamba, koma ludzu likamugwira adzabwera padziwe. Akatsitsa mutu, wina akwerepo."

Adasankha Kalulu, popeza ndi wopepuka komanso pakamwa ndi pakuthwa. Iye adalumbira kuti akanena zonse, osasiya ndi limodzi lomwe.

Tsikulo lidafika. Kadyansonga adayang'ana uku ndi uku, adatambasula miyendo, mutu n'kutsika. Kalulu adati phwii, n'kukhala pakati pa nyanga. Asanagwire bwino, mutu udadzuka kamodzin'kamodzi. Dziko lidathawira pansi, mphepo idalira m'makutu, ndipo m'mimba mwa Kalulu mudatembenuka. Mwini mutu sadachite ngakhale chizungulire.

Kalulu adagwiritsa nyanga. Sizidali nyanga zonga za Njati kapena za Ngoma: zidali mafupa awiri afupiafupi okutidwa ndi chikopa, kunsonga kuli dazi. Ubweya wa pamenepo udatha ndi ndewu, chifukwa amphongo a mtundu umenewu amamenyana pokupiza makosi n'kugunda mnzawo ndi mutu, ndipo chigaza chimanka chilemera ndi mabampu a fupa chaka ndi chaka. Pansi pa nyangazo padali diso lalikulu lakuda, lonyezimira, la nsidze zazitali, lofatsa moti sungaliganizire choipa.

"Zikomo bwana," adayamba Kalulu, mawu akunjenjemera. "Ndatumidwa ndi anthu anu. Pansi pali njala. Chigwetsereni udindo m'manja mwanu, sitidalawe kanthu."

Padapita nthawi. Kenako mawu adatuluka, otsika, aulemu.

"Mphwanga, tayang'ana kutsogoloku. Ukuona chiyani?"

Kalulu adayang'ana. Moyo wake wonse adali asanaonepo mtengo kuchokera pamwamba. Misangu idayalana mpaka kumtsinje, yobiriwira, nsonga zake zikugwedezeka ndi kamphepo kozizira komwe pansi sikafika.

"Ndikuona masamba, bwana."

"Kumanzereku?"

"Masamba, bwana."

"Nanga njala ukunenayo ili pati? Ine ndimaona patali kuposa nyama iliyonse m'chigwa chino. Mkango ukadzuka kutsidya ndimauona. Njala ikadakhalapo ndikadaiona." Adapendeketsa mutu pang'ono. "Taona pansipo. Aja agona pamthunzi aja, dzuwa likadali pamutu, si okhuta amenewo? Wanjala amagona masana?"

Kalulu adasuzumira. Kutali pansi, Gwape adali gone chammbali, miyendo itawongoka.

Adatsegula pakamwa kuti afotokoze. Nthawi yomweyo lilime lakuda lija lidabwerera kuchokera kunthambi litanyamula nsonga zanthete za msangu ndi chipatso chimodzi chakupsa, n'kuzisiya pakati pa nyanga.

"Talawa, mphwanga. Wayenda ulendo wautali."

Kalulu adati alawe kamodzi kokha kuti apeze mphamvu zolankhulira. Adalawa kachiwiri kuti atsimikize kukoma kwake, akauze anzake molondola. Kutsika kudali kosatheka mpaka bwana adzamvenso ludzu, ndiye adakhala kumeneko masiku angapo, akudya, akugona pakati pa nyanga, Chitola akumuphunzitsa manambala.

Tsiku lomwe adatsika, nyama zidamuzungulira. Ubweya wake udali kunyezimira, mimba ili nga.

"Abale anga," adatero Kalulu, "nkhaniyi ndi yovuta kuposa mmene tinkaganizira. Ndaona ndi maso angawa. Chakudya m'dziko muno chilipo chambiri, tisamanamizire dziko. Bwana akugwira ntchito usana ndi usiku. Chofunika n'kudekha, ndi kuchepetsa kugona masana, chifukwa kumwamba kumapereka chithunzi cholakwika."

"Za Gwape udanena?" adafunsa Mbawala.

"Nkhani imeneyo ili m'njira, amayi."

Kamba adapukusa mutu. "Kandimverere adakanena za m'maluwa. Mwana iwe, ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame."

"Agogo," adayankha Kalulu, "inu vuto lanu n'lakuti simudakwerepo."

Gwape adamwalira usiku womwewo. Miimba idachita ntchito yake, dzuwa lidamaliza, ndipo posakhalitsa padatsala mafupa oyera pansi pa mtengo wa bwemba.

Madzulo ena Kamba akudutsa pamenepo, nthaka idanjenjemera. Chiboda chachikulu ngati mbale ya nsima chidaponda pafupi ndi mphuno yake, china chidaponda kutsidya. Kamba adabweza mutu n'kusiya diso limodzi panja. Miyendo idatambasuka, khosi lidatsika. Panalibe dziwe pamenepo, panalibe msonkhano, panalibe woimba nthungululu. Lilime lija lidatuluka n'kunyamula fupa la mwendo wa Gwape, mutu n'kubwerera kumwamba. Kwa nthawi yaitali Kamba adamva fupa likugubuduzika m'kamwa, likukukutidwa, likuyamwidwa. Kenako lidagwa pansi lili nyowe ndi malovu.

Izitu si nkhambakamwa. Nyamalikiti amakukutadi mafupa a nyama zakufa, chifukwa masamba okha samupatsa mchere wokwanira kulimbitsa mafupa aatali chotere.

Kamba sadagone. M'mawa adapita kwa Fisi.

"Achimwene a Fisi, inu anthu amakunenani zambiri, koma pa nkhani ya mafupa palibe wokuposani. Khosi la nyamalikiti lili ndi mafupa angati?"

Fisi adaseka mpaka kugwa chagada. "Agogo, ine sukulu yanga ndi imeneyo. Ndaswa khosi la mbewa, la njiri, la njati, la mvuu. Nyama iliyonse yoyamwitsa m'chigwa chino ili ndi mafupa 7 m'khosi. Dzinja lathali mphezi idagwetsa nyamalikiti wokalamba kuseri kwa chulu chija. Ndidawerenga ndekha. Mafupa 7."

"Nanga mudakhaliranji chete Chitola akunama?"

"Adandifunsa ndani? Komanso agogo, chilala chino ine sindikudandaula nacho."

Komabe Fisi adavomera kunyamula mafupawo, popeza amakonda kuonedwa ngati wodziwa zinthu. Pamsonkhano adawandandalika pamchenga, lililonse lotalika pafupifupi masentimita 25. Pambali pake adayala timafupa ta m'khosi mwa kalulu wina yemwe adakumana naye mwezi wathawo. Kalulu adayang'ana kumbali.

"Werengani nokha," adatero Kamba.

Nyama zidawerenga mokweza. Uku 7. Ukunso 7.

"Ndiye kuti ndi mnzathu!" adafuula Njiri. "Mafupa ake ndi omwewa, kungoti ake adatalika!"

"Adatalika ndi kudya," idatero Mbidzi.

"Mtsempha wozungulira pamtima uja nanunso muli nawo," adaonjeza Fisi. "Ngakhale Kalulu ali nawo, koma onani mmene amayankhira msanga."

Kamba adadikira phokoso lithe. "Funso langa ndi limodzi, ndipo ndidafunsa tsiku loyamba. Chitola akuti bwana akatsitsa mutu uphulika. Nanga pomwa madzi suphulika bwanji? Potola fupa la Gwape sudaphulike bwanji?"

Maso onse adapita kwa Chitola. Mbalameyo idayang'ana msana wa Njati, idayang'ana nyanga za Njati, n'kuona kuti bodza lina lingaidule moyo.

"Pali zina zomwe ndidaiwala kutchula," idatero motsitsa mawu. "M'mitsempha ya m'khosi muli tizitseko tomwe timaletsa magazi kubwerera kumutu akawerama. Pansi pa ubongo palinso ukonde wa timitsempha tambirimbiri tomwe timachepetsa mphamvu ya magazi asanafike ku ubongo."

"Ndiye kuti akhoza kuwerama?"

"Akhoza, agogo."

"Nthawi iliyonse?"

"Akafuna."

Nyama zidakwiya kwambiri. Zina zidati aitane Mkango adzathane naye pomwa madzi, popeza m'pamene amakhala wofooka. Mkango udabwera, udamvetsera, n'kufotokoza za mbale wake amene adayesapo zimenezo: chiboda chimodzi chidamuphwanya nsagwada, ndipo adafa ndi njala nyama ili pamphuno. "Koma ngati mukufuna ndizikhala nanu pafupi kuti ndizikutetezani, ndilipo," udatero ukuyang'ana Mbawala. Adauthokoza n'kuuperekeza msanga.

Adagwirizana zongomuchotsa paudindo. Atabweranso padziwe n'kutsitsa mutu, Njati adaima patsogolo pake n'kunena mlandu wonse: minga, zilonda, mafupa 70, fupa la Gwape. Kadyansonga adamwa, adamwa, diso lofatsa lija likuphethira. Atakhuta adati, "Ndamva," n'kudzutsa mutu, madzi akudontha kuchokera kumwamba. Adabwerera kumsangu womwe adausiya n'kupitiriza pomwe adalekezera. Udindo adamulanda, koma khosi adapita nalo.

Adatuma nkhanga kukapepesa Nyani kuti abwerere. Nyani adayankha kuti kumtunda akudya bwino, ndipo kumeneko palibe amamuwerengera kudzikanda.

Mpando udakhala wopanda munthu, njala ikuluma. Ndiye m'mawa wina Kalulu adabwera akuthamanga, mimba itayamba kale kuphwa.

"Abale, bwerani mudzaone! Mtsogoleri weniweni wabadwa!"

Kuseri kwa tchire kudali nyamalikiti wamkazi yemwe adanyamula pakati miyezi 15. Adabereka ali chiimire, monga amachitira onse a mtundu wake, ndipo mwanayo adagwa kuchokera pafupifupi mamita 2 n'kufikira m'fumbi, thi! Nyama zidamupeza akulimbana ndi miyendo yake, akudzuka n'kugwa, akudzuka n'kugwa, tinyanga take titagona chafulati pamutu, kunsonga kuli tiubweya takuda. Ola lisanathe adaimirira.

"Mwaona?" adatero Kalulu. "Uyu moyo wauyamba ndi kugwa. Fumbi akulidziwa kukoma kwake, lili m'mphuno mwakemo. Msinkhu wake sukufika ndi mamita 2 omwe. Mukalankhula akumva, mukalira akuona misozi. Uyu ndi wathu, wochokera pansi!"

Mwanayo adaweramitsa mutu n'kununkhiza Mbawala pamphumi. Mbawala misozi idalengezanso.

"Ana inu," adatero Kamba, "tafunsani kaye. Mayi akewa ndi ndani?"

"Ndi mlongo wake wa bwana wakale uja," adayankha Fisi. "Bere limodzi."

"Ndiye mwachotsa malume n'kuika mwana wa mlongo wake? Kwathu kuno wolowa m'malo mwa malume amakhala ndani? Mwamulanda chiyani munthu uja, poti mwapereka kwa yemwe akadalandira kale?"

"Agogo, musamaweruze mwana ndi milandu ya akuluakulu," adatero Kalulu. Chitola adali atatera kale pamsana pa kamwanako, akukonza nthenga.

"Bwana wamng'ono akuti zikomo," idatero mbalameyo. "Akuti iwo ndi osiyana."

Nthungululu zidamveka mpaka kutsidya. Patangopita milungu yochepa mvula idagwa, msangu udayoyola masamba, udzu udamera, ndipo nyama zidakhuta n'kunena kuti mtsogoleri watsopano wabwera ndi mwayi. Za Gwape ankazikumbukira ndi Kamba yekha.

Pofika chilimwe chotsatira, Mthyoli Wamkulu watsopano adali atawonjezera mita yathunthu. Ankadya msangu umodzi ndi amalume ake: iwo kunsonga, iye nthambi za m'munsi, zomwe kale Ngoma ankazifikira akatambasula khosi. Kalulu adali pakati pa nyanga. Kamba adapempha kuti alankhule ndi bwana wamng'onoyo, ndipo Chitola adazungulira chigoba chonse kufuna pojompha, osapapeza, n'kuwauza kuti abwerenso mawa.

Nthano yathera pamenepa.